Asanakuuzeni kuti mukapume kunyumba: ufulu wa wantchito waulumali ku Neno

Kuno ku Neno, munthu akalumala ali pa ntchito, kawirikawiri sapatsidwa kalata yomuchotsa. Abwana amangomuitanira pambali n'kumuuza mwaulemu kuti, "Bambo, mukapume kaye kunyumba, mukapeza bwino tidzakuitanani." Mwezi woyamba malipiro amabwera onse, wachiwiri amabwera theka, wachitatu foni siyankhidwanso, ndipo pamalo pake pakhala kale munthu wina. Abwana amaona ngati achita chifundo. Wantchito uja amaona ngati ndi mmene dziko liyendera, amathokoza n'kukhala chete. Onse awiri sadziwa kuti pali funso limene malamulo amafuna kuti lifunsidwe munthu asanatumizidwe kunyumba: kodi pa ntchito pano tingasinthe chiyani kuti munthuyu apitirize kugwira?

Akale adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Nkhaniyi si ya anthu obadwa ndi ulumali okha ayi. Ndi ya mlonda amene wagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza pa Zalewa n'kuduka mwendo, mphunzitsi wa ku Ligowe amene shuga wayamba kumudya maso, mayi wa mu ofesi amene sitiroko yamufoola dzanja, mnyamata wa pachigayo amene wayamba kugwa khunyu atakula kale. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalawi khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi kapena kuposerapo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kalembera yemweyo adawerenga anthu 138,291 m'boma la Neno. Aliyense angadziwerengere yekha kuti tikukamba za anthu angati, kuyambira kumapiri a kwa Dambe mpaka kuchigwa cha Lisungwi.

Tiyambe ndi zimene zidalembedwa. Malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, pa gawo 20 amaletsa kusala munthu aliyense, ndipo ulumali adautchula ndi dzina pamndandanda wa zifukwa zoletsedwa. Gawo 31 limapatsa wantchito aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito. Lamulo la za ntchito la mu 2000, Employment Act, lidabweretsa zimenezi pafupi. Gawo 5 limaletsa tsankho polemba anthu ntchito, powaphunzitsa, powakweza, pa kagwiridwe ka ntchito ndi powachotsa, ndipo wophwanya gawoli wapalamula mlandu womwe angalipe chindapusa ndi kukhala kundende zaka ziwiri. Gawo 6 limati ntchito yofanana, malipiro ofanana, posatengera kuti wina ndi waulumali. Lamuloli silikhudza makampani aakulu a ku Blantyre okha. Limagwira ntchito m'boma, kupatula asilikali, apolisi ndi apandende, limagwira m'mabungwe, ndiponso pa golosale, pachigayo, pamalo ogona alendo ndi pakhomo pamene mwalemba wantchito wa m'nyumba. Ngakhale mudangogwirizana pakamwa popanda pepala, lamuloli limauona ngati mgwirizano wa ntchito.

Koma kuletsa tsankho kokha sikukwanira, ndipo apa m'pamene pali mtima wa nkhaniyi. Bwana angathe kunena moona mtima kuti, "Ine sindisala munthu, onse ndimawatenga mofanana," pamene ofesi yake ili ndi masitepe asanu pakhomo ndipo misonkhano yonse imachitika pakamwa popanda cholemba. Kutenga anthu mofanana pamalo otere ndiko kutsekera kunja woyenda pa njinga ya olumala ndi wosamva. N'chifukwa chake pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, la mu 2006, lomwe Malawi adalivomereza mu 2009, lidapita patsogolo. Lidati pakhale kusintha koyenera, kogwirizana ndi vuto la munthuyo payekha, bola kusinthako kusakhale mtolo wopitirira muyeso kwa wosinthayo. Lidanenanso mosapsatira kuti kukana kusintha koteroko ndi tsankho. Mfundoyi idalowa m'malamulo athu kudzera mu Disability Act ya mu 2012, ndipo lero ili mu Persons with Disabilities Act ya mu 2024, yomwe idalowa m'malo mwa lamulo la mu 2012 lija pamodzi ndi lakalekale la mu 1971. Lamulo latsopanoli ndilo lidasandutsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA, lomwe tsopano lili ndi udindo wolandira madandaulo ndi kuwafufuza.

Choncho pamene wantchito apempha kuti pasinthidwe china chake, sakupempha thandizo ngati la ufa wa nthawi ya njala. Akupempha chake.

Anthu akamva za kusintha pa ntchito, maganizo awo amathamangira ku simenti ndi njira yotsetsereka ya pakhomo. Imeneyo n'njofunika, koma ine ndikuona kuti kuno ku Neno kusintha kwakukulu kumene anthu amafuna ndi kwa nthawi, ndipo sikudya ndalama. Kuyambira mu 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino, ndipo kuchokera mu 2015 odwala matenda amgonagona, monga a shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khunyu, matenda a maganizo ndi omwe ali pa ma ARV, amaonedwa pa kiliniki imodzi, kaya ndi pachipatala chachikulu pa Boma, ku Lisungwi, kwa Dambe kapena pa zipatala zina zazing'ono. Tsiku lobwereranso limalembedwa m'buku la kuchipatala. Si chinthu chodzidzimutsa. Bwana angathe kudziwiratu milungu ingapo kuti Lachitatu lakutilakuti wantchito wake sadzakhalapo m'mawa, n'kusinthanitsa mashifiti kapena kugwirizana kuti maolawo adzabwezedwa Loweruka. Wakhunyu amene amalandira mankhwala ake pa nthawi yake nthawi zambiri amatha miyezi osagwa. Amene amaopa kupempha tsiku lopita kuchipatala, n'kudumphitsa mankhwala poopa kudulidwa malipiro, ndiye amene adzagwere pa ntchito, ndipo abwana adzati mwaona, sangathe. Si matenda onse amene ali ulumali pamaso pa lamulo, koma vuto la m'thupi, la maso, la makutu kapena la maganizo likakhala la nthawi yaitali n'kumamutchinga munthu kuchita zimene anzake akuchita, lalowa m'gulu limeneli.

Tiyerekeze za mnyamata wa pachigayo uja. Ntchito yake inali kuthira chimanga m'chigayo, kuyang'anira lamba ndi kumasula sefa ikatsekeka. Wagwa kawiri, ulendo wina pafupi ndi lamba akuzungulira. Mwini chigayo ali ndi mantha, ndipo mantha akewo ndi oona, pakuti lamulo la chitetezo pa ntchito la mu 1997 limamupatsa udindo woteteza antchito ake ku ngozi. Sangamusiye pa injini. Koma pachigayo pomwepo pali ntchito ina: kuyeza chimanga pa ndowa, kulandira ndalama, kulemba m'kope, kuika anthu pamzere, kuyang'anira amayi opeta ndi oanika ufa panja. Amene amachita zimenezi angapite ku injini, mnyamata uja n'kubwera pakhomo. Palibe tambala yomwe yatuluka m'thumba la mwini chigayo. Chotsala ndi kuwauza anzake a pa ntchito chochita akagwa: kumuchotsera zinthu zomwe zingamupweteke, kumugoneka cham'mbali kugwedezeka kukatha, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, ndi kudziwa kuti khunyu silipatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya monga ambiri amakhulupirira. Chikhulupiriro chimenechi chachotsetsa ntchito anthu ambiri kuposa matenda enieniwo.

Kwa munthu wachialubino vuto ndi dzuwa, maso ndi chitetezo. Amene adayendapo masana a mwezi wa Okutobala pakati pa Zalewa ndi Lisungwi akudziwa kuti dzuwa la kumeneko si lamasewera, ndipo kwa wachialubino limabweretsa khansa ya pakhungu. Ngati ntchito yake n'njoyenda m'midzi kapena ya pa msewu, kusintha koyenera ndi kumulola kuyamba m'mamawa n'kumaliza zakunja dzuwa lisanafike paliwombo, kumupatsa yunifolomu ya manja aatali ndi chipewa chachikulu, kumulola kukatenga mafuta odzola oteteza khungu kuchipatala, ndi kumusindikizira zikalata m'zilembo zikuluzikulu. Poona nkhanza zimene anthu achialubino akumana nazo m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2014, pempho loti asamaweruke usiku n'kuyenda yekha mtunda wautali silofunika kukambirana kawiri.

Wosamva amafuna kuti malangizo alembedwe papepala kapena atumizidwe pa WhatsApp, ndipo pa msonkhano waukulu, makamaka womuzenga mlandu, pakhale womasulira chinenero chamanja. Mphunzitsi amene maso afooka angapatsidwe maphunziro ofuna kulankhula kwambiri, wina n'kumamuthandiza kulemba pa bolodi ndi kuchonga. Aphunzitsi osaona akhala akuphunzitsa m'sukulu za m'dziko muno kwa zaka zambiri. Wa mwendo umodzi angasamutsidwire ku sukulu kapena chipatala cha pafupi ndi msewu m'malo mwa kuseri kwa phiri komwe galimoto silifika dzinja likagwa. Wogulitsa m'sitolo amene msana sumulola kuima tsiku lonse amangofuna mpando.

Nanga malire ali pati? Alipo, ndipo n'kulakwa kuwabisa. Lamulo silikakamiza bwana kusunga munthu pa ntchito imene chenicheni chake sangachikwanitsenso ngakhale patasinthidwa zonse. Dalaivala amene wasiya kuona sangayendetsenso ambulansi. Silikakamizanso kusintha komwe kungagwetse bizinesi. Zimene zili zotheka kwa khonsolo, kwa kampani yopanga magetsi ku Nkula kapena kwa kontilakita wamkulu wa msewu si zimene zili zotheka kwa mayi wa kagolosale ka antchito awiri. Poyeza, amayang'ana mtengo wa kusinthako, mphamvu za wolemba ntchitoyo, ngati kusinthako kungathandizedi, ndi ngati pali njira ina yotsika mtengo. Koma mawu akuti "tilibe bajeti" sayankha funso ngati bwana sadafufuze n'komwe kuti chinthucho chikudya ndalama zingati. Ndipo dalaivala uja asanatumizidwe kunyumba, pafunika kuona kaye ngati palibe malo ena, kaya kolandira mafoni kaya kokonza ndondomeko ya maulendo, kumene nzeru zake za misewu ya m'boma lino zingagwire ntchito. Chinanso, ndalama zogulira mpando kapena chipewa sizidulidwa ku malipiro a wantchito, ndipo kusamutsidwira ku ntchito ina sikuyenera kukhala njira yobisika yomulangira.

Tsopano kwa inu amene mukufuna kupempha. Bwana sangasinthe chimene sakuchidziwa. Ulumali wina umaoneka ndi maso, wina ayi, ndipo ndikudziwa chifukwa chimene anthu amabisira: Neno ndi wamng'ono, abwana anu mwina mumapemphera nawo limodzi, ndipo nkhani ikatuluka mu ofesi m'mawa, madzulo yafika pa msika. Simukakamizidwa kufotokoza mbiri yonse ya matenda anu. Chofunika ndi kunena chimene chikukuvutani pa ntchito ndi chimene chingathandize. Pemphani a dokotala kapena a kiliniko akulembereni kalata yaifupi yonena zimene mungathe ndi zimene muyenera kupewa, m'malo mopereka buku lanu lonse la kuchipatala m'manja mwa abwana. Zimene mwawauza ndi zachinsinsi, ndipo muwakumbutse zimenezo.

Pempho lanu lilembedwe. Ili ndi langizo limene ndingalibwereze kangapo. Kalata ya mizere isanu, ya m'Chichewa, yokhala ndi tsiku, ikwanira: ndine wakutiwakuti, ndimagwira ntchito yakuti, vuto langa ndi ili, ndikupempha kuti pasinthidwe ichi, ndikupempha yankho pofika tsiku lakuti. Lembani makope awiri, abwana asayine pa yanu, kapena ijambuleni pa foni musanapereke. Ngati kulemba kukuvutani, uthenga wa pafoni ndi umboni ndithu, ndipo kupita ndi mnzanu wa pa ntchito kapena woimira bungwe la antchito n'kwabwino kuposa kupita nokha. Bwerani ndi maganizo anu a njira yothetsera vutolo, pakuti palibe amene amalidziwa thupi lanu kuposa inu, komanso mukhale okonzeka kumva njira ina imene abwana angabweretse ngati ikuthetsa vuto lomwelo. Mukhoza kugwirizana kuyesa kwa mwezi umodzi kapena iwiri n'kukhalanso pansi.

Zomwezi zimayamba munthu asanalembedwe n'komwe. Mukaitanidwa ku intavyu, muli ndi ufulu wopempha chipinda chapansi, womasulira, kapena mafunso a zilembo zazikulu.

Pa za kudwala, Employment Act pa gawo 46 imati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha milungu inayi pa malipiro onse ndi milungu isanu ndi itatu pa theka la malipiro chaka chilichonse, akaonetsa kalata ya kuchipatala. Apa m'pamene mawu aja akuti mukapume kaye amasiyana ndi tchuthi chenicheni: tchuthi chili ndi tsiku loyambira, tsiku lobwerera ndi malipiro odziwika. Mukauzidwa kuti mukapume, funsani mwaulemu kuti, "Bwana, kodi ndi tchuthi cha matenda? Ndibwere liti? Mundilembere." Ngati mudavulalira pa ntchito pomwepo, palinso lamulo la chipukuta misozi la mu 2000, Workers' Compensation Act, ndipo nkhani yake imadzera ku ofesi ya zantchito, imene ambiri timangoti ku leba. Kulandira chipukuta misozi cha kuvulala sikutanthauza kuti mwagulitsa ntchito yanu.

Zikafika poti mwachotsedwa, gawo 57 la Employment Act ndilo chishango chanu. Limati pakhale chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho n'chakuti simukutha ntchito, mupatsidwe kaye mwayi woyankhapo. Limatchulanso zifukwa zimene sizingakhale zomveka ngakhale pang'ono, ndipo ulumali uli pomwepo, pamodzi ndi kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala. Pa mlandu, udindo wosonyeza chifukwa chochotsera munthu uli pa bwana, osati pa inu. Chenjerani ndi kalata yosiya ntchito mwakufuna kwanu imene mwapatsidwa kuti mungosayina, nthawi zina ndi lonjezo la kangachepe. Musasayine tsiku lomwelo. Itengeni, mukafunse. N'zoona kuti gawo 60 limateteza munthu amene wasiya ntchito chifukwa bwana wamufinya mpaka kusowa pogwira, koma umboni wake ndi wovuta kuposa wa munthu wochotsedwa poyera.

Ndipo pali nthawi yoikika imene yapweteketsa ambiri: dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika kwa mkulu wa zantchito wa m'boma pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa. Ganizirani tsopano za miyezi itatu ija yodikira foni ya abwana. Munthu wa kwa Chekucheku kapena kwa Symon amene akudikira kuti apeze bwino, apeze ya thiransipoti, mvula ithe, msewu uume, angadzafike ku leba nthawi itamuthera. Mukaona kuti malipiro aima ndipo palibe tsiku lobwerera, musadikire kalata imene sidzabwera. Pitani kapena tumani wachibale ndi kalata yanu kuti dandaulo lilembedwe m'buku. A leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti agwirizanitse. Zikakanika pakatha mwezi, nkhani ingapite ku khoti la milandu ya apantchito, Industrial Relations Court, lomwe lapafupi ndi kuno lili ku Blantyre. Khotili lingalamule kuti mubwerere pa ntchito yanu, mupatsidwe ina yofanana nayo, kapena mulandire chipukuta misozi. Chochepetsetsa chake ndi malipiro a mlungu umodzi pa chaka chilichonse chimene mudagwira ngati simudapitirire zaka zisanu, milungu iwiri ngati mudapitirira zisanu kufika khumi, itatu kufika zaka 15, ndi mwezi wathunthu kupitirira apo. Khoti lingawonjezere ngati chifukwa chochotsera chinali cha tsankho.

Si leba yokha. MACODA ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission amalandira madandaulo a tsankho ngakhale musanachotsedwe, monga pamene pempho lanu langokanidwa popanda chifukwa. Wa m'boma angapitenso kwa Ombudsman. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Mabungwe a anthu aulumali eni ake, FEDOMA yomwe imawasonkhanitsa onse, Malawi Union of the Blind ya osaona, MANAD ya osamva ndi APAM ya achialubino, amadziwa kumene kungapezeke womasulira kapena chipangizo, ndipo a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa Boma angakulumikizeni nawo.

Kwa inu olemba ntchito, ndikudziwa kuti ambiri simuchita izi mwankhanza. Mumaopa ngozi, mumaopa kuti makasitomala athawa, mumaopa ndalama zimene simudaziwerengere. Koma munthu amene wakhala nanu zaka zisanu ndi ziwiri amadziwa amene amabweza ngongole ndi amene sabweza, amadziwa kulira kwa injini ikafuna kuwonongeka, ndipo mwamudalira ndi makiyi. Kupeza wina wotere m'boma limene anthu ophunzira ambiri amakana kutumizidwako chifukwa cha msewu si chinthu chapafupi. Khalani naye pansi, mumufunse iyeyo osati mkazi wake kapena achimwene ake, mulembe zimene mwagwirizana, ndipo ngati mwakana, mulembe chifukwa chake ndi njira zina zimene mudaziyesa. Pepala limenelo ndi limene lidzakuyankhireni ku leba.

Wolemba ntchito wamkulu kuno ndi boma lenilenilo, kudzera mu khonsolo, m'sukulu ndi m'zipatala. Neno adapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndiye nyumba zambiri za boma n'zatsopano poyerekeza ndi za maboma ena, ndipo zina zikumangidwabe. Kuika khomo lotakata, njira yotsetsereka ndi chimbudzi choti njinga ya olumala ilowe kumadya ndalama zochepa nyumba ikadali pa pulani kusiyana ndi kudzagumula pambuyo pake. Makhansala, mafumu ndi a makomiti a chitukuko a m'madera amene amavomereza mapulani a midadada ya sukulu ndi nyumba za aphunzitsi ali ndi mphamvu yofunsa zimenezi kontilakita asanakumbe maziko, ndipo pa makomiti amenewa payenera kukhala munthu waulumali woti aone pulaniyo ndi maso a amene adzalowe pakhomopo m'mawa uliwonse.